Magetsi a kamtsinje: okwanira filiji, osakwanira chigayo

Kwa amene mumandifunsa ngati n'koyenera kulumikiza magetsi a kakampani kamene kamapanga mphamvu pa mtsinje wotsika m'phiri kuno ku Mulanje, yankho langa ndi lakuti lumikizani, bola mudziwiretu chimene mukufuna kuyatsa. Ine ndili ndi kagolosale pamsika, muli filiji ya zoziziritsa kukhosi ndi mafirizi, mababu, komanso thebulo lotchajira mafoni. Pa zimenezi magetsiwa amandikwanira.

Damu lenileni kulibe. Kumtunda anangomanga kakhoma kopatutsa madzi pang'ono. Madziwo amayenda m'ngalande, amagwera m'paipi yotsetsereka, amakazunguza makina m'kanyumba, kenako n'kubwerera mumtsinje womwewo. Amayi akuchapabe kumunsi monga kale, minda ya nthochi ndi chinanazi ili pomwe inali, ndipo palibe manda amene anafukulidwa. Mita ndi yolipiriratu: mugule mayunitsi, mulowetse manambala, basi. Ngongole kulibe, ndipo zimenezi ndimazikonda chifukwa ndalama ya pagolosale siikhalitsa m'kabati.

Vuto limayamba mu Okutobala. Mtsinje ukaphwera, madzulo aliyense akayatsa zake, babu limafiira ndipo filiji imangong'ung'udza osaziziritsa. M'mawa mumapeza mafirizi asanduka madzi a shuga m'timapepala, pomwe ndi mwezi umene ana asukulu amawafuna kwambiri. M'dzinja nkhani imasintha: masamba ndi timitengo zimatseka sefa ya pangalande, magetsi n'kuzima mpaka anyamata akwere kukachotsa. Amakwera ndithu, ngakhale mvula ikugwa, ndipo pamenepo sindingawanene. Koma foni ya ku ofesi kwawo imatha kuitana mpaka kutopa. Mnzathu wowotcherera zitsulo anagonja n'kubwerera ku jenereta, ndipo chigayo cha pamsika chikumwabe dizilo.

Alamu anga, amene amagwira ntchito ku fakitale ya tiyi, amandiseka. Amati, “Mlamu, magetsi anuwa ndi masanje. Dziko limayenda ndi madamu akuluakulu.” Amatchula Mpatamanga, damu limene likukonzedwa pa Shire, loyembekezeka kupereka mamegawati oposa 350. Sindiwatsutsa kwenikweni. Makina oumitsira tiyi kapena chipatala chachikulu ngati Queens sizingadalire kamtsinje kathu, ndipo dziko lino lakhala likuwala ndi Shire kuyambira pamene siteshoni yopangira magetsi ya Nkula inayamba mu 1966.

Chimene ndimawakumbutsa n'chakuti Nkula, Tedzani ndi Kapichira zonse zili pa mtsinje umodzi. Namondwe wa Ana atagumula damu la Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anachoka tsiku limodzi, ndipo panadutsa chaka ndi miyezi makina asanabwerere. Abale a ku Limbe ankatiimbira foni kudandaula mdima, ife kuno tikuonera mpira pa TV. Sindikunyada, chifukwa Freddy atabwera mu Malichi 2023 napolo sanasankhe, nafenso tinagona mumdima. Kungoti chaching'ono chikaonongeka, olira ndi midzi yochepa.

Ndiye pali funso lakuti amene amalipira mtengo wa damu lalikulu ndani. Pomanga Kariba pa Zambezi m'zaka za m'ma 1950, anthu a mtundu wa Chitonga a m'chigwa chimenecho pafupifupi 57,000 anasamutsidwa, kusiya madimba achonde ndi manda a makolo pansi pa madzi, ambiri n'kukaikidwa kumtunda kouma. Magetsiwo anapita kumigodi ndi kumatauni. Anzathu a ku Mozambique ali ndi Cahora Bassa kuyambira 1974, koma mphamvu yake yambiri imagulitsidwa ku South Africa. Kuno ku Mulanje, kumene malo aakulu anatengedwa kalekale ndi maesiteti ndipo banja lonse limalima kandime kamodzi, mawu akuti kusamutsa sitiwamva mopepuka. Chipukutamisozi chimatha, munda sutha. Damu likamangidwa, ine ndingakonde kuona oyamba kuyatsa babu akhale amene anasiya minda yawo. Alamu akamva zimenezi amangoti, “Aaa, inunso,” n'kupempha Fanta yozizira ya m'filiji momwemo.

Pa chinthu chimodzi chokha timagwirizana. Matope ndi namasupuni zimene zimatsamwitsa makina pa Shire, ndi kuphwera kwa kamtsinje kathu, gwero lake ndi lomwelo: mitengo ikutha. Matumba a makala amatsika m'phirimu panjinga m'bandakucha uliwonse, ndipo ogula ndife tomwe, popeza magetsiwa ambiri sitiphikira.

Ngati muli ndi golosale, malo ometera kapena mukungofuna kuti ana aziwerenga usiku popanda utsi wa koloboyi, lumikizani. Gulani kachipangizo koteteza filiji mphamvu ikamasinthasintha, ndipo tochi musataye. Koma ngati mukulingalira za chigayo kapena makina ocheka matabwa, pitani kaye ku ofesi mukafunse mphamvu imene angakupatseni m'chilimwe, musanatenge ngongole ku banki mkhonde.