Immelmann kapena Split-S: kubweza ndege yankhondo mwachangu

Njira ziwirizi zimatembenuza ndege madigiri 180 popanda kuzungulira patali. Pa Immelmann, woyendetsa amakoka chiwongolero, ndege imakwera mokhota mpaka kugona chagada pamwamba, kenako amaigudubuza kuti iwongoke. Pa Split-S amayamba ndi kuigadamitsa, ndiye n'kukoka kuti mphuno iloze pansi mpaka iwongoke italoza kumene yachokera.

Liwiro: Immelmann imalidya, Split-S imaliwonjezera.
Kutalika: Immelmann imakweza, Split-S imatsitsa kwambiri.
Polowera: Immelmann imafuna liwiro lalikulu, Split-S imafuna liwiro lochepa ndi mpata waukulu pansi.

Ukalowa Immelmann mofooka, mapiko amasiya kugwira mphepo pamwamba pomwepo ndipo ndege imagwa. Koma yoopsa zedi ndi Split-S. Ukalowa mothamanga, kukhotako kumakula, nthaka imayandikira, ndipo ukakoka mwamphamvu kufika 9G (mphamvu yokukanikiza pampando yofanana ndi kulemera kwa thupi lako kuchulukitsa ka 9) magazi amathawira kumiyendo, m'maso mumachita mdima, n'kukomoka. Suti yofinya miyendo ndi kulimbitsa minofu ya pamimba zimathandiza, koma sizibweza mtunda umene wataya.

Immelmann ndi ya amene ali ndi liwiro ndipo akufuna kukhala pamwamba pa mdani. Split-S imayenera amene ali kale pamwamba ndipo akufuna kuthawa msanga.