Peugeot 504 ndi Mercedes 240D: zomwe ndaona patatha miyezi

Pamene ndinkalemba koyamba za galimoto zanga ziwiri zakalezi, Peugeot 504 ya petulo ndi Mercedes-Benz 240D ya mtundu wa W123, zonse zinali zitangotuluka kugalaja, zikuwala. Panopa zadutsa m'fumbi ndi m'matope a dzinja, ndiye khalidwe lawo lenileni laoneka.

Pa mphamvu, 504 ili patsogolo. Injini yake ya 1971cc imatulutsa horsepower yopitirira 90, komanso galimotoyo ndi yopepukirapo. 240D ili ndi injini ya dizilo ya malita 2.4, yotchedwa OM616, horsepower 72 basi, koma ikukoka thupi la makilogalamu pafupifupi 1,400. Kusiyanaku mumakumva pamtunda. Pokwera kuchokera ku Chikwawa kubwera ku Blantyre, Benz imafuna giya yotsika ndi mtima wodekha, ndipo musanaganize zopitirira lole muyambe mwaona kutali. Ikafika pamalo athyathyathya pamsewu wa M1, nkhani imasintha: imakhazikika, chiwongolero sichinjenjemera, dizilo imamwa mosamala. Ulendo wa ku Lilongwe ndimatenga imeneyi.

Phula likatha, 504 ndiye mwini msewu. Masipuling'i ake ndi aatali ndi ofewa, mipando nayo ndi yofewa, moti maenje ndi timizere ta msewu wafumbi imangozimeza. Benz pamsewu womwewo imapirira, koma mumamva kuti siikukondwa, ndipo kulemera kwake kumaititimiza pamatope msanga. Sindidabwa kuti 504 inapambana mpikisano wa galimoto wa Safari Rally ku Kenya mu 1975, akuiyendetsa Ove Andersson, kapena kuti ku Kenya komweko anapitiriza kuipanga mpaka 2004, chonsecho inatuluka koyamba kalekale mu 1968. Anthu akumudzi kwathu akaiona amayamba kukumbuka achibale omwe anali nayo, ena mpaka kupempha kuti akhalemo pang'ono.

Mavuto nawo abwera. 240D imadalira timapaipi ta vacuum (toyamwa mpweya) pokiya zitseko ngakhalenso pozimitsa injini. Kapaipi kamodzi katang'aluka, ndinachotsa kiyi injini n'kumangolirabe, mpaka kutsegula boneti ndi kukanikiza kachitsulo kolembedwa STOP pafupi ndi pampu ya dizilo. Kukonza kwake sikunadule, chovuta chinali kupeza pomwe mpweya ukulowera. M'mawa kukazizira muyeneranso kudikira ma glow plug (mapulagi otenthetsa mkati mwa injini ya dizilo) atenthe, ndipo batire lofooka siilola n'komwe. Injini yokhayo sinandipemphe kanthu kupatula oilo ndi mafyuluta.

504 imalira msanga, makaniko aliyense wamkulu amaidziwa, koma carburettor yake (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya) imadana ndi fumbi, ndipo ikangosokonekera petulo amatha mukuona. Choopsa kwambiri ndi dzimbiri. Mvula itatha, pansi pa zitseko ndi kuseri kwa matayala akutsogolo panayamba kutuwa ndi kufufuma, pamene Benz ili bwinobwino.

Masipeya ndiwo akundipangitsa kuganiza kawiri. W123 ankaipanganso ku East London, ku South Africa, choncho zitsulo zake zimapezeka ku Johannesburg popanda kuvutika kwenikweni. Za 504 n'zofunsafunsa, kudikira munthu wopita ku Nairobi kapena kusakasaka m'magalimoto akufa. Wofuna yakale yoyendera tsiku ndi tsiku m'tauni, agule 240D. Ine 504 sindigulitsa, chifukwa msewu wopita kwathu ulibe phula, ndipo mwezi wamawa ikupita kwa owotcherera kuti adule dzimbiri lija lisanafike pansi pa mipando.