Boti la boma lopita ku Kainakary: njira yabwino yoonera Kuttanad

Alendo ambiri ofika ku Alappuzha, m'boma la Kerala ku India, amathamangira kubwereka maboti ogonamo aja otchedwa kettuvallam, omwe mtengo wake ndi marupi (ndalama za ku India) masauzande. Koma wofuna kuona mudzi weniweni akwere boti la nthambi ya boma ya State Water Transport Department lopita ku Kainakary, mudzi wa m'dera la Kuttanad. Doko lake lili pafupi ndi depoti ya mabasi a boma a KSRTC, ndipo tikiti amagula m'botimo kwa kondakitala pamtengo wa marupi ochepa chabe.

Botili ndi basi ya anthu a m'mudzi. Limaima pamadoko ang'onoang'ono, ana asukulu ndi amayi onyamula katundu wa kumsika n'kumatsika pafupi ndi makomo awo. Mukasuzumira kuseri kwa makoma a dothi ndi miyala otchinga madzi, muona kuti minda ya mpunga ili pansi kuposa mtsinje umene mukuyendamo. M'dera la Kuttanad amalima pamalo otsika mita imodzi mpaka mamita atatu kuposa nyanja yamchere, ndipo asanafese amayamba apopa madzi m'mindamo. N'chifukwa chake bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linalemekeza ulimi wa kumeneku mu 2013. Nyumba zamangidwa pakamtunda kopyapyala pakati pa madzi ndi munda, moti munthu amachapa zovala pamasitepe a pakhomo pake.

Ku Kainakary kuli Chavara Bhavan, kwawo kwa Kuriakose Elias Chavara, wansembe wobadwa mu 1805, yemwe Mpingo wa Katolika unamulengeza kukhala woyera mu 2014. Pa chakudya, funsani karimeen pollichathu, nsomba yopaka tsabola yowotchedwa m'tsamba la nthochi, pamodzi ndi kappa, chinangwa chophika.

Zovuta zilipo. Mabenchi ndi olimba ndipo injini imasokosa, choncho khalani kutsogolo. Namasupuni, yemweyo amene amatchinga mtsinje wa Shire, amakola chopalasira cha injini ndipo boti limachedwa mpaka amuchotse. Funsani ogwira ntchito padoko nthawi ya boti lomaliza musananyamuke, chifukwa mbali zina za mudziwu msewu sufikako. Mvula yamphamvu imagwa kuyambira June mpaka September, ndipo mu August 2018 madzi osefukira anasamutsa anthu ambiri kuderali. Pitani pakati pa December ndi February, mpunga uli wobiriwira.