Nyenyezi zitatu: mabogi ndi penti zili bwino, koma masipika muyeze nokha

Nyenyezi ziwiri pa zisanu zomwe ndachotsera shopu ya timasitima tachitsanzoyi zapita ndi masipika komanso bambo wa pakauntala. Ntchito inali ya mutu wa sitima wachitsanzo wa Class 37 wa OO (muyeso wa kukula kwa timasitimati), wa soketi ya 21-pin: kuikamo dikoda ya mawu ya ESU LokSound 5 (kabolodi kolamulira mota, nyali ndi mawu), masipika ndi kapasita yosunga moto, kukometsa kumaso kwake, kuudetsa kuti uoneke wogwira ntchito, ndiponso kuika nyali m'mabogi anayi okwera anthu a mtundu wa Mk1. Mtengo wa dikoda mumaudziwa kale, £100 imapitirira musanawerengere sipika, ndipo ndalama yoikira pashopu imeneyi si yamasewera. Tsiku lomwe analonjeza linadutsa, koma Khirisimasi ikayandikira shopu iliyonse imatero.

Chondikwiyitsa chinali kulira kwake. Munthu amawonongera ndalama pa mawu a Class 37 chifukwa cha injini ya English Electric 12CSVT, ya masilinda 12, yomwe imabangula mozama mpaka anthu a ku Britain anaitcha thirakitala. Mitu imeneyi inapangidwa 309 pakati pa 1960 ndi 1965 ndipo ina ikukokabe mpaka lero, choncho amene anaimapo pasiteshoni umodzi ukudutsa amadziwa mmene uyenera kumvekera. Wangawu ukadina F1, batani loyatsira mawu, unkatulutsa kamawu kowonda ngati wailesi ya mabatire otha, besi palibe, hutala ikung'ambika. Ukayenda kwa kanthawi mawu ankazimiratu, koma mota ikukokabe, nyali zikuyakabe. Ukapuma n'kuzizira mawu ankabwerera okha. Denga, pamwamba penipeni pa dikoda, linkatentha moti chala chinkamva.

Nditaubweza kushopu, bambo wa pakauntala sanafune n'komwe kuutulutsa m'bokosi. Yankho lawo linali lakuti njanji zanga n'zakuda, ndikazipukute. Aliyense amene wagwirapo DCC, njira yolamulira timasitima kudzera m'moto wa panjanji, akudziwa kuti njanji yakuda siisankha. Moto ukaduka pamawilo, nyali zimaphethira, mota imadzuma, ndipo mawu amadukiza kapena kuyambira poyamba ngati injini ikulizidwa kumene. Mawu okha sangazime kwinaku zonse zikuyenda bwinobwino. Komanso kapasita yomwe iwo eni anandigulitsa ntchito yake ndi yomweyo, yowolotsa mutu pamalo akuda. Nditawauza zimenezi anasintha nkhani, akuti ndilembe 8 pa CV8 (ma CV ndi malo olembamo manambala osinthira kagwiridwe ka ntchito ka dikoda). Malangizo amenewa ndi oopsa akachokera kwa munthu amene shopu yake ndiyo yakonza mabatani. Kulemba 8 pa CV8 kumabweza dikoda pa zomwe zinasungidwa ndi amene anapanga mawuwo, ndipo ngati woika sanasunge zosintha zake ngati maziko atsopano, adiresi, mabatani a nyali ndi kayendedwe ka mota zonse zimafufutika. Vuto la kutentha likanakhalabe pomwepo, ine n'kutsala ndi ntchito ina.

Thupi la mutuwu limagwidwa ndi timano ta m'mbali. Mumalowetsa tizidutswa ta khadi lakale la pulasitiki pa kadzino kalikonse, thupi n'kukwera lokha osalikakamiza. Mkatimo zolakwika zinali zitatu, ndipo chachikulu chinali mawaya a masipika. Anaika timasipika tiwiri ta sugar cube ta 11 x 15 mm. Timeneti timaoneka chimodzimodzi koma tina ndi ta 8 ohm, tina ta 4 ohm, ndipo maso sangakuuzeni. Awa anali a 4 ohm onse awiri, olumikizidwa mwa parallel, kutanthauza kuti mawaya a + onse pamodzi, a − onse pamodzi. Masamu ake ndi achidule: awiri a 8 ohm mwa parallel amapereka 4 ohm, zomwe zili bwino, koma awiri a 4 ohm amapereka 2 ohm. LokSound 5 inapangidwira masipika a pakati pa 4 ndi 32 ohm. Pa 2 ohm kagawo kokuza mawu kamakoka moto wopitirira muyeso, kamatentha, ndipo mukachita mwayi kamangodzizimitsa, mukapanda mwayi kamapserera dikoda n'kutsala yoyendetsa mota basi. Kuyeza kwake sikutenga mphindi: zulani dikoda pasoketi, ikani mita yoyezera magetsi pa ohm, gwirani pomwe pawotchereredwa mawaya awiri a sipika pabolodi. Mita inawerenga pafupifupi 2. Musayeze dikoda ili pomwepo, manambala ake angakusocheretseni.

Chachiwiri, timabokosi ta kumbuyo kwa masipikawo anangotikhazika osamata. Sipika ikamagwedezeka imakankha mpweya kutsogolo n'kuukoka kumbuyo nthawi imodzi. Kumbuyo kukapanda kutsekedwa, mpweya wa mbali ziwirizi umakumana n'kufafanizana, ndipo choyamba kutayika ndi besi. Kampata kochepa ngati tsitsi m'mphepete mwa bokosi kamakwanira kuwononga sipika yabwino. M'malo mofufuza chifukwa chomwe mawu akuwondera, iwo anakweza CV63, yomwe pa ESU ndi ya kukula kwa mawu onse, mpaka pa 192, mapeto ake enieni. Ndiye chifukwa hutala inkang'ambika, ndipo kutentha kunkafulumira. Chachitatu, dikoda yonse anaikulunga ndi tepi yakuda ya magetsi. Tepi imeneyo imasunga kutentha, ndipo ikafunda guluu wake amasungunuka n'kunanda paliponse. Pamafunika kachidutswa ka tepi yopirira kutentha ya Kapton pachitsulo chomwe chingakhudze dikoda, dikodayo n'kusiyidwa kuti izipuma.

Nditabwerera ndi zithunzi ndi nambala ya pamita, bambo aja anati poti ndatsegula thupi ndekha, shopu ilibenso mlandu. Ngati mutu wa soketi sunapangidwe kuti uzitsegulidwa, dikoda imalowera pati? Mpaka lero sanapepese, ndipo ndikuona kuti anthu ambiri amene sadziwa kugwira mita amabwerera kwawo kukapukuta njanji zoyera kale mpaka dikoda itapsa, kenako n'kuuzidwa kuti agule ina.

Zinthu zinatembenuka pamene mayi wina amene amagwira ntchito kuchipinda cha kuseri anamva phokosolo n'kutuluka. Anatenga mita yawo, anayeza okha, n'kuvomera pomwepo kuti masipikawo anasokonezeka m'kabati ndipo amene anawotcherera sanayeze. Anakonza osalipiritsa, ine ndikuona. Analumikiza masipika omwewo mwa series: waya wochokera pabolodi kupita pa + ya sipika yoyamba, − ya yoyamba kupita pa + ya yachiwiri, − ya yachiwiri kubwerera pabolodi. Zimenezo zimapereka 8 ohm. Anasamalanso kuti + ndi − zisatembenuzike, chifukwa masipika awiri akamagwedezeka mosemphana amadyerana besi ngati momwe bokosi lotseguka limachitira. M'mphepete mwa timabokosi anazunguliza guluu woyera wouma mooneka ngati galasi, pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano kuti asafike pa kansalu kogwedezeka, kenako anatikhazika ndi phula lomatira la Black Tack pansi pa sefa ya fani ya padenga. Kumata sipika molimba n'kofunika, yolendewera imanjenjemeretsa thupi lonse. Tepi yakuda ija inachoka, CV63 inatsikira cha m'ma 110. Dikoda inapulumuka. Pa 8 ohm mawu amachepako pang'ono poyerekeza ndi 4 ohm, koma m'chipinda cha m'nyumba simungafune oposa pamenepo, ndipo tsopano injini ikamakwera mphamvu kubangula kuja kumamveka. Timasipika ta 11 x 15 mm tili ndi malire ake, amene akufuna besi yogwedeza tebulo afunse za sipika yaikulu, koma adziwe kuti nthawi zambiri pamafunika kudula chitsulo cha mkati, ndipo mutu ukapepuka umachepa mphamvu yokoka.

Mkwiyo utatsika ndinayamba kuona zina zonse, ndipo ndinene zoona, n'zabwino. Anasankha dikoda yoyenera soketiyo. Pa 21-pin pali mitundu iwiri, ina imatulutsa moto weniweni pa AUX3 ndi AUX4 (potulukira moto wa nyali zina), ina imangotumiza chizindikiro chofooka choti bolodi la mutu likuze lokha, ndipo mukasemphanitsa nyali za m'chipinda cha dalaivala siziyaka kapena zimangoyaka osazima. Apa zonse zikumvera mabatani ake. Kapasita ndi ya mawaya atatu, yomwe dikoda imailamulira, choncho ma CV akuwerengeka bwino panjanji yokonzera, chinthu chomwe za mawaya awiri zimakonda kusokoneza. CV113, ya nthawi yomwe kapasita imapereka moto, anaiika pafupi, mokwanira kudutsa mapointi (mphambano za njanji) okhala ndi pakati pa pulasitiki koma osati moti mutu uzithamangabe mutazimitsa moto. Mota anaiyeza ndi njira ya ESU ija yolemba 0 pa CV54 n'kudina F1, ndipo pa sitepe yoyamba ya liwiro mutu umakwawa osadzuma. Amene mukufuna kuchita nokha, siyani njanji yowongoka yaitali kutsogolo kwake, chifukwa umathamanga mwadzidzidzi.

Kumaso anachita mwanzeru. Mbali imodzi yokha ndiyo anaidzaza zonse: cholumikizira cha sikuluu, paipi ya vacuum, mapaipi a mpweya okhala ndi mitu yofiira ya mabuleki ndi yachikasu ya thanki yaikulu, ndi timakasu tochotsera chipale. Mbali inayo anasiya kathumba ka NEM kolowetsamo cholumikizira mabogi n'kuikamo cholumikizira cha Kadee, mapaipi a kumeneko n'kuwafupikitsa. Ambiri amadzaza mbali zonse ziwiri, mutu n'kukongola pashelefu koma kukanika kukhota, chifukwa mapaipi amakola cholumikizira mawilo n'kudumpha njanji. Uwu ukudutsa makona a 438 mm osagunda kalikonse. Mabowo a mapaipi anaboola ndi kabowolero ka pamanja ka 0.5 mm, palibe pomwe pulasitiki yang'ambika. Pafupi ndi magalasi sanagwiritse ntchito supa guluu, amene nthunzi yake imasiya chifunga choyera chosachoka.

Kudetsa kwake n'kodziletsa, ndipo n'komwe ndimafuna. Mwaye uli padenga mozungulira potulukira utsi, n'kumazirala chopita kumapeto. Pansi pali fumbi lofiirira la mabuleki, pathanki pali kamzere konyezimira pomwe dizilo amatayikira pothira. M'mbali anangodutsitsa pang'ono n'kupukuta chotsitsa, monga mvula imachitira. Magalasi anawaphimba asanapopere vanishi wosawala, choncho dalaivala akuoneka bwino. Mawilo okha ndiwo anabwera ndi penti popondera, zomwe zimafuna kathonje ndi spiriti ya isopropyl musanayendetse.

Mabogi a Mk1 ndiwo ntchito yawo yabwino kuposa zonse. British Railways inayamba kuwatulutsa mu 1951 ndipo nyali zake zoyambirira zinali mababu ofiirira, osawala kwambiri. Anthu ambiri amaika ma LED oyera mbee, bogi n'kumawala kuposa siteshoni. Apa anaika ofundira, n'kuwachepetsa mphamvu mpaka amaoneka bwino chipinda chikachita mdima basi. Bogi lililonse lili ndi bridge rectifier (kowongola moto wa panjanji kuti uziyenda njira imodzi), kapasita ya 1000 µF ya 25 V, komanso resistor ya 100 ohm yokhala ndi diode pambali pake. Kachigawo komalizaka ambiri amakadumpha. Popanda iko, makapasita onse amameza moto nthawi imodzi mukangoyatsa, makina oyendetsera n'kuganiza kuti pachitika shoti n'kuzima. Resistor imachititsa kuti kapasita idzaze pang'onopang'ono, diode n'kulola moto kutuluka msanga ukafunika. Mkati mwa denga ndi m'mbali anapaka penti yakuda kaye kenako yoyera, choncho kuwala sikubowoleza pulasitiki. Anthu okwera anawadula miyendo kuti akhale bwino pamipando, mitu isagunde pamwamba pa mawindo, ndipo bogi lomaliza lili ndi kanyali kofiira kumbuyo.

Pamawilo a mabogi pali chimodzi choti muyang'ane. Moto amautenga pa ekiselo, ndipo mawilo ake ndi otsekedwa mbali imodzi, choncho mukawazula kuti mupukute muwabwezere momwe analili: otsekedwa onse a kagulu ka mawilo ka kumapeto kumodzi kwa bogi mbali imodzi, a kagulu kachiwiri mbali inayo. Mukatembenuza ekiselo imodzi yokha, ndi shoti. Mpata wa pakati pa mawilo ndinaupeza pa 14.5 mm paliponse. Koma timawaya togwira ekiselo anatimanga mothina, bogi ukalikankha silipita patali. Kwa mabogi anayi Class 37 siimva kanthu, koma amene ali ndi asanu ndi atatu ndi chitunda atipinde pang'ono kuti tizingokhudza.

Pepala la mabatani, loonetsa kuti F iti ikuchita chiyani, sanandipatse, ndipo risiti yangolembedwa kuti mawu aikidwa, osatchula mtundu wa sipika kapena ma ohm ake. Mukapita kumeneko pemphani kuti zimenezi zilembedwe, funsaninso ngati zosintha zawo azisunga ngati maziko a dikoda, ndipo mutu uyende mphindi 15 mawu ali oyaka panjanji yawo yoyesera musanalipire, chifukwa vuto la kutentha silioneka pa mphindi ziwiri zoyamba. Class 47 yanga ndidzapita nayo komweko, koma ndidzapempha mayi a kuseri aja kuti aigwire okha, ndipo bambo wa pakauntala adzangolandira ndalama.