Kuyenda m'mbali mwa nyanja ku Portsmouth, ku England, ndikupereka 4 pa 5

Tinapita Loweruka ine, mai akunyumba ndi ana awiri. Titatsika sitima pa Portsmouth Harbour tinangoyamba kulondola katcheni komwe anakalemba pansi munjira, bola kukatsata basi simusochera, ndipo ndi zaulele palibe cholipira.

Spinnaker Tower, chinsanja cha mamita 170 chija, tinangochidutsa. Komwe kunanditenga mtima ndi ku Old Portsmouth. Mukakwera pamwamba pa Round Tower, nsanja yakale yotetezera doko, mumaona kuti polowera padoko ndi popapatiza zedi, tauni ya Gosport ili tsidya pompo, ndiye zisitima zikuluzikulu zopita ku France ndi zija za ku chilumba cha Isle of Wight zimadutsa pafupi penipeni mpaka anthu ali mkatimo mumawaona nkhope, ena kumakubayibitsani. Kamnyamata kanga kanakaniratu kutsika, tinathapo pafupifupi ola lonse. Ndipamene ndinamvetsa chifukwa chomwe anamangira malinga pamenepa, mdani akanalowera pati osakumana ndi mizinga?

Kuchoka apo njira ndi yafulati mpaka ku Southsea Castle, yomwe mfumu ya England Henry VIII anamanga mu 1544. Chaka chotsatira sitima yake yankhondo Mary Rose inamira chakomweko iye akuonerera, anthu anadzaivuula mu 1982. Ndinaima pakhomapo nkumayang'ana madziwo poganiza za anthu omwe anapita nayo, thupi linachita tsemwe.

Nanga bwanji 4? Malinga ozungulira aja ali pakati pa madzi, Spitbank, Horse Sand ndi No Man's Land, omwe anayamba kumangidwa m'ma 1860 poopa kuti a France abwera ndi nkhondo koma sanabwere, mumangowaonera patali. Ine ndimaganiza kuti tiwaona bwinobwino, pafoni amangotuluka ngati timadontho. Tengani ma binoculars, zoona.

Chinanso mphepo abale. Dzuwa linalipo koma kuzizira kwake, jekete musasiye. Komanso amene munazolowera mchenga wa ku Salima dziwani kuti gombe la kuno ndi nsangalabwi zokhazokha, ana anavula nsapato nkuvalanso pompo. Tchipisi tinagula pena pake chinali chodula komanso chozizira, ulendo wina tidzanyamula zathu.

Hovercraft, boti yoyandama pamphepo pamwamba pa madzi, yopita ku Ryde pa Isle of Wight muidikire ikamanyamuka pafupi ndi Clarence Pier, phokoso lake ndi madzi omwe imawaza ana mpaka lero akuikambabe.