Ndinafufuza mavani 7 ndisanagule yanga

Nditatumiza chithunzi cha vani imene ndagula pa gulu lathu la banja pa WhatsApp, oyamba kuyankha anali achimwene, kufunsa ngati ndayamba geni yonyamula anthu kuno, nanga mipando ili kuti. Amayi sanalembe kanthu. Anaimba foni usiku, mawu ali pansipansi, kufunsa ngati andithamangitsa m'nyumba ya lendi. Kwa iwo, mwana wawo kumakhoma bedi m'galimoto zinali ndi tanthauzo limodzi basi.

Mtima m'malo amayi, nyumba ilipo. Kuno ku England anthu ambiri amagula vani yonyamulira katundu, ija yopanda mawindo kumbuyo, n'kuikonza mkati: bedi, kasitovu, kasinki, thanki ya madzi, kafiriji, sola padenga. Akapuma kuntchito amanyamuka ulendo wa ku Wales kaya kumapiri a ku Scotland, ndipo kumene kwawadera amagona komweko. Eni ake amati camper van. Zokonzeratu kufakitale zilipo, koma mtengo wake ndi wothawitsa, choncho ambirife timagula vani yoti inagwirapo kale ntchito n'kudzikhomera tokha. Ine ndi mayi akunyumba tinaganiza zoyesa. Ndinkati ntchito yaikulu ikhala ya macheka ndi misomali. Kusankha vaniko ndi kumene kunandidyera miyezi 5.

Mdala wina amene ndimagwira naye ntchito anakonzapo ziwiri, ndipo ndi amene ananditsegula maso. Ine ndinkangofunsa za injini, iye n'kumandiseka. Akuti injini ikafa umachotsa n'kuikamo ina, giya bokosi chimodzimodzi, koma chigoba chikaola ndiye kuti bedi, makabati, mawaya ndi miyezi yonse imene unathera pamenepo zaolera limodzi. Zimene wakhoma mu vani ina sungazizule n'kukazikhoma mu ina, miyezo yake siifanana. Ndiye pogula uziyamba waona zimene sungadzazisinthe: chitsulo chake, kukula kwake, kulemera kumene ikuloledwa kunyamula, ndi mtundu wa utsi umene imatulutsa.

Sindinamve msanga. Vani yoyamba imene ndinakaiona inali yoyera mbee, penti kuwala, mkati atatsuka mpaka kununkhira. Wogulitsa anali munthu wansangala, nkhani zili mbwee. Ndinaizungulira kawiri, ndinamvetsera injini, mtima unali utagula kale. Chinandipulumutsa n'choti mdala uja anandikakamiza kutenga zinthu zinayi m'chikwama: tochi, sikuludiraiva, kamaginito kochotsa pachitseko cha firiji, ndi katoni yogonera. Ndinayala katoni pansi monyinyirika, poti kunali konyowa, n'kulowa chagada.

Kunsi konse anali atapaka phula lakuda, latsopano, lonyezimira. Vani ya zaka zambiri choncho, kunsi kwake kukongola kuposa pamwamba? Ndinagogoda ndi sikuludiraiva pa chitsulo cha m'munsi mwa chitseko chotsetsereka chija. Poyamba panalira ngati chitsulo. Nditasendera pang'ono chakumbuyo, panangoti fwa, sikuludiraiva n'kulowa mpaka m'chigwiriro, tizidutswa tofiirira n'kundigwera kumaso. Nditatuluka ndinayendetsa kamaginito pamwamba pa tayala lakumbuyo. Kanamata, kanamata, kenako kanagwa pansi. Pamenepo panalibe chitsulo, anamatapo phala lotsekera mabowo n'kupentapo. Chikomekome cha mkuyu. Wogulitsa nkhani zinamuthera, ine n'kupinda katoni yanga.

Dzimbiri la kuno si lamasewera, ndipo gwero lake ndi mchere. Nyengo yozizira makhonsolo amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, matayala n'kumauponyera kunsi kwa galimoto chaka ndi chaka. Umakhala m'makona mmene madzi satulukamo msanga: m'munsi mwa zitseko, pamwamba pa matayala, pa sitepe yokwerera ukakweza labala wake, pamene masipuling'i agwirira chesesi, ndi m'mphepete mwa galasi lakutsogolo. Palinso malo ena amene ambiri amaiwala. Mavani a katundu amakhomedwa mapulayiwudi pansi ndi m'mbali, ndipo kuseri kwa mapulayiwudiwo kumabisala zambiri. Ndinaphunzira kupempha kuti timasule thabwa limodzi ndisuzumire. Wokana, ndinkamutsanzika.

Vani yachiwiri ndi yachitatu sindinawononge n'komwe mafuta okazionera, chifukwa ndinali nditadziwa za MOT. Kuno galimoto ikakwana zaka 3 imayenera kuyezedwa chaka chilichonse, ndipo zotsatira zake zili pa intaneti, pa tsamba la boma, zaulere. Umangolemba nambala ya galimoto, mbiri yonse n'kutuluka: chaka chakuti inalephera chifukwa chakuti, inali itayenda mamailosi akuti, woyeza anachenjeza zakuti. Machenjezowo ndi amene ndinkawerenga kwambiri. Ukaona mawu onena za dzimbiri akubwera zaka zitatu zotsatizana kenako n'kuzimiririka, uzifunsa kuti anawotcherera ndani, kapena anangobisa. Ina ndinaipeza kuti mamailosi ake anatsika pakati pa chaka china ndi chinzake. Galimoto siyenda chobwerera m'mbuyo mpaka mita kutsika.

Tsopano za kukula, zimene tinakanganapo kwambiri m'nyumba muno. Mayi akunyumba ankafuna yaing'ono, monga Volkswagen Transporter kapena Ford Transit Custom. Mfundo yawo inali yomveka: zimenezi zimayenda ngati galimoto wamba, ndipo msinkhu wake ndi pafupifupi mamita 2, choncho zimalowa m'malo ambiri oimikapo galimoto amene ali ndi chitsulo chopingasa pamwamba. Tinakalowa mu ina yokonzedwa kale ya mnzathu. Ndinawauza kuti ayerekeze akuvala, kenako akuphika. Patatha mphindi zochepa ali chiweramire, anatuluka atagwira msana, nkhani ya yaing'ono n'kuthera pomwepo. Anthu ena amadula denga n'kuika lotukuka, koma imeneyo ndi ndalama ina, ndipo si ntchito yoti ungaigwire wekha pakhomo.

Mavani aakulu amalembedwa ndi zilembo ziwiri, L ya kutalika ndi H ya msinkhu, monga L2H2 kapena L3H2. Musapusitsike nazo, kampani iliyonse ili ndi miyezo yake, L3 ya uyu si L3 ya uyo. Chodalirika ndi tepi. Ndinkayenda nayo m'thumba ngati telala.

Tepiyo ndi imene inandiphunzitsa chinthu chimene sindikanachiganizira: bedi ligona chopingasa kapena chotalika? Fiat Ducato, Peugeot Boxer ndi Citroën Relay ndi vani imodzi yovala mayina atatu, chigoba chake n'chimodzi, ndipo kwa zaka zambiri zakhala zikuchokera ku fakitale imodzi ku Atessa m'dziko la Italy. Mkati mwake m'lifupi ndi mamita 1.87, makoma ake ali chilili ngati bokosi. Munthu wa msinkhu wanga amagona chopingasa bwinobwino, ngakhale utachotsapo masentimita angapo a zotchingira kuzizira. Mercedes Sprinter, imene anthu ambiri amaitama ndipo inenso ndinkailota, ndi yopapatiza pang'ono, makoma ake amapendekera mkati chakumwamba. Ambiri amene ali nayo amagoneka bedi chotalika, ndipo bedi lotero limadya malo oposa theka la mita poyerekeza ndi lopingasa. Theka la mita m'nyumba si kanthu. Mu vani ndi pamene pakanakhala sinki ndi firiji.

Palinso za pansi. Ducato ndi abale ake amakoka ndi matayala akutsogolo, ndiye kunsi kulibe chitsulo chopita kumbuyo, pansi pake n'potsika. Ya denga la H2 mkati mwake ndi mamita 1.93. Ukaika zotchingira kuzizira pansi ndi kudenga umatsala ndi malo oti n'kuima osagunda mutu, ngati suli wamtali kwambiri. Mavani okoka ndi matayala akumbuyo pansi pake pamakhala pokwera, choncho kuti uime umafunika denga lalitali.

Kutalika ndinasankha L3, imene kunja ndi mamita 5.99, malo a katundu mamita 3.7. L4 inandikopa, koma ndinapita kukayeza msewu wa kumene timakhala. Nyumba zake n'zogundizana, aliyense amaimika galimoto mumsewu, ndipo madzulo malo amachita kulimbirana. Ya mamita 6.36 ndikanamaisiya kutali n'kumabwera wapansi.

Kulemera ndi nkhani imene imagwetsa anthu ambiri mwakachetechete. Laisensi wamba ya kuno, ya gulu B, imakulola kuyendetsa galimoto yosapitirira makilogalamu 3,500 ndi katundu yemwe. Amene anakhoza mayeso isanafike 1 Januwale 1997 ali ndi mwayi wofika 7,500, koma ife obwera sitili m'gulu limenelo. Ndiye uziwerengera: vani yopanda kanthu yadya kale matani awiri ndi kanthu. Onjezapo matabwa, mabatire, silinda ya gasi, matiresi, dizilo wodzaza thanki, anthu awiri. Madzi okha, lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, thanki ya malita 80 ndi munthu wina wamkulu amene wakwera osalipira. Vani ikamatalika imalemeranso, koma malire a 3,500 aja sasuntha, choncho yaikulu kwambiri ndi imene imakusiyira mpata wochepa wa katundu. Kachitsulo kolembapo manambala a kulemera kamakhala pafupi ndi injini kapena pa mphuthu ya chitseko. Ndinkakajambula pa foni vani iliyonse.

Yachisanu inali yabwino kwambiri, ya 2014, kunsi koyera, mtengo wofewa. Ndinatsala pang'ono kupereka ya chikole. Usiku ndinalemba nambala yake pa tsamba la Transport for London, bungwe loona za mayendedwe mumzinda wa London, yankho n'kubwera loti siikukwanira pa malamulo a utsi. Kuyambira pa 29 Ogasiti 2023, dera lotchedwa ULEZ linakula n'kukuta London yense, ndipo vani ya dizilo yosafika pa mlingo wa Euro 6 imalipira tsiku lililonse imene yayenda mmenemo. Birmingham ili ndi dera lake lotero kuyambira 2021. Ku Glasgow ndiye vani yotero saiilola n'komwe kulowa pakati pa mzinda, ukalowa ndi chindapusa. Mavani ambiri a Euro 6 ndi olembetsedwa kuyambira Seputembala 2016. Ndinamvetsa chifukwa chake mtengo unali wofewa. Kwa munthu wokhala kumudzi kutali ndi mizinda imeneyi ikanakhala mwayi, koma ife abale athu ambiri a kuno ali ku London.

Za injini sindikuti n'zopanda ntchito. Kungoti poyamba ndinkaopa mamailosi ambiri, pamene choopsa ndi mmene mamailosiwo anayendedwera. Vani imene inkathamanga maulendo ataliatali pa motorway imakhala yathanzi kuposa imene inkagawa maphukusi m'tauni, kuima khomo lililonse, kuzimitsa, kuliza, chitseko kutsegula ndi kutseka kambirimbiri pa tsiku. Injini za dizilo za masiku ano zili ndi sefa ya mwaye ku ekizozi, yotchedwa DPF, imene imadziyeretsa yokha galimoto ikathamanga nthawi yaitali itatentha. Ya maulendo afupiafupi sefayo imatsekeka. Ndinkayang'ana mpando wa dalaivala, labala wa pa kilatchi ndi mahinji a chitseko chotsetsereka. Zimenezi sizinama ngati mita. Ndinkapemphanso kuti ndiipeze injini ili yozizira, ndipo ndikafika ndinkayamba ndagwira boneti. Ikakhala yofunda, ndiye kuti wina wailiza kale kuti ndisaone mmene imavutira m'mawa kapena utsi umene imatulutsa. Malisiti a sevisi ndinkawerenga limodzilimodzi, makamaka kufuna tsiku limene anasintha lamba wa taimingi ngati injiniyo ndi ya lamba.

Mapepala ndingodutsamo mwachangu. Buku la galimoto kuno ndi V5C, lochokera ku DVLA, bungwe la boma lolembetsa magalimoto, ndipo nambala ya chesesi ya m'bukumo ifanane ndi ya pa galimoto. Pali makampani amene ukawalipira pang'ono amakuuza ngati vaniyo ili ndi ngongole, inabedwa, kapena inachitapo ngozi mpaka a inshuwalansi kuitaya. Ndipo mitengo yambiri ya mavani amailemba yopanda VAT, poti ogula ambiri ndi a bizinesi. Ine ndinasangalala ndi mtengo wa yachisanu ndi chimodzi mpaka pamene anandiuza kuti ndionjezepo 20 peresenti. Ndinabwerera pa sitima ndili chete.

Yachisanu ndi chiwiri inali Citroën Relay ya 2017, L3H2, ya munthu wokonza zamagetsi amene ankapuma pantchito. Kuiona koyamba, mayi akunyumba anandiyang'ana osalankhula. Chitseko chakumbuyo chinali chobinyika, m'mbali muli mikwingwirima, ndipo pamene panali dzina la bizinesi yake pankaonekabe zilembo zozimirira. Mkati munali fumbi ndi tizidutswa ta mawaya. Koma bamboyo anatulutsa chikwama cha pulasitiki chodzaza malisiti, atawasanja chaka ndi chaka. Ndisanapemphe n'komwe anatenga dirilo yake n'kumasula yekha thabwa la pansi. Chitsulo chinali choyera, penti wa kufakitale akadalipo. Ndinayala katoni yanga, imene pofika tsikuli inali itafewa ngati nsanza, n'kukhala kunsiko nthawi yaitali ndikugogoda paliponse. Paliponse pankalira ngwe. Mayi akunyumba anavula nsapato n'kugona chopingasa kumbuyo, pafumbi pomwepo, kenako anaimirira n'kutambasula manja m'mwamba.

Pobwerera tinadzera pa sikelo ya magalimoto a katundu kuti ndidziwe poyambira, ndipo kapepala kake ndinakamata kuseri kwa chitseko. Thabwa lililonse limene ndikulowetsa ndimayamba ndaliyeza n'kulemba pamenepo.

Loweruka lapitali ndinaboola windo loyamba. Ndinayeza kanayi, ndinamata tepi ya pepala, kenako n'kuima ndi macheka amagetsi m'manja kwa kanthawi ndithu, poti ukadula wadula. Chidutswa chitagwera mkati ndinachitola n'kuyang'ana m'mphepete mwake: chitsulo chokhachokha, chonyezimira, chopanda kadontho kofiira. Ndinapaka mankhwala oletsa dzimbiri m'mbali mwa bowolo ndisanaike galasi. Achimwene, mipando ilipo itatu, yonse kutsogolo, ndipo umodzi ukudikira inu.