Dial-up ikamakwawa: mugule modemu ina, mukonze waya, kapena muike pulogalamu yofulumizitsa?

Anthu amene akadali pa intaneti yoimba kudzera pa foni yapansi, yotchedwa dial-up, atsala ochepa. Ngakhale kampani ya AOL ya ku America, yomwe inatchuka nayo kwambiri, inatseka dial-up yake mu September 2025. Koma alipo ena amene kompyuta yawo ikadalira kaphokoso kaja polumikiza, ndipo liwiro likatsika amalangizidwa zosiyanasiyana. Wina amati gulani modemu (kachipangizo kolumikiza kompyuta ku laini ya foni) yokhala kunja kwa kompyuta, wina amati vuto ndi waya, wina amati ikani pulogalamu yofulumizitsa. Njira zitatuzi sizifanana mphamvu, ndipo yotchipa kwambiri ndi imene kawirikawiri imapambana.

Choyamba tidziwe malire. Modemu ya 56k, kaya ya V.90 ya mu 1998 kapena V.92 ya mu 2000, sifika pa liwiro la 56 kbps (makilobiti pa sekondi) penipeni. Pa laini yabwino mumapeza pakati pa 40 ndi 50, kutanthauza kuti fayilo ya 1 MB imatenga mphindi zitatu kapena kuposerapo. Ngati mukupeza 44 kapena 46, palibe chawonongeka, dial-up imathera pomwepo. Koma mukamaona 28.8, 26.4 kapena 21.6 tsiku ndi tsiku, pali chokonza. Nambala ya 115,200 imene Windows imaonetsa nthawi zina isakunamizeni. Limenelo ndi liwiro la pakati pa kompyuta ndi modemu, osati la pa laini.

Tiyambe ndi waya, chifukwa mavuto ambiri amabisala kumeneko. Modemu imatumiza uthenga ngati mawu, choncho phokoso lililonse pa laini limaikakamiza kutsitsa liwiro kapena kubwereza zimene yatumiza kale. Nyamulani foni, dinani nambala imodzi kuti kulira kuja kuleke, ndiye mvetserani. Mukamva kuthetheka kapena kung'ung'uza, mwalipeza vuto. Zulani chilichonse chimene chili pa laini yomweyo: foni ya kuchipinda, makina a fakisi, kabokosi kogawira mawaya pawiri. Kenako lumikizani modemu pa soketi yoyamba pamene laini yalowera m'nyumba, ndi waya wamfupi watsopano, osati wautali uja wodutsa pansi pa kapeti pafupi ndi nthambo za magetsi. Liwiro likakwera, vuto linali m'nyumba mwanu ndipo mwalithetsa ndi ndalama yochepa. Likapanda kusintha, makamaka ngati limaipiratu nyengo ya mvula, mwina madzi akulowa polumikizira mawaya panja. Imeneyo ndi ntchito ya kampani ya mafoni, ndipo powauza nenani kuti pa laini pakumveka phokoso mukamalankhula. Dandaulo lotere amalimva msanga kusiyana ndi lakuti intaneti ikuchedwa.

Pali chinthu chimodzi chimene waya watsopano sangachithe. V.90 imafuna kuti pakati pa inu ndi kampani ya intaneti mawu asinthidwe kukhala manambala kamodzi kokha. Ngati laini yanu imadutsa pa makina ena amene amasinthanso kachiwiri, modemu imabwerera pa V.34, yomwe imalekeza pa 33.6 kbps. Zikatero ngakhale mugule modemu yodula bwanji, simudzaona 40.

Tsopano za modemu. Makompyuta ambiri a m'nyumba ankabwera ndi modemu yamkati yotchedwa winmodem, imene ntchito yake yambiri imagwiridwa ndi purosesa ya kompyuta kudzera mu dalaivala, pulogalamu yoyendetsa modemuyo. Ndi yotchipa, ndipo pa laini yoyera imagwira bwinobwino. Kufooka kwake kumaoneka pa kompyuta yakale imene yatanganidwa ndi zina, kapena dalaivala ikakhala yolakwika, ndipo ogwiritsa Linux m'malo mwa Windows amadziwa mmene imapweteketsera mutu. Modemu yakunja yolumikiza pa serial port (polowetsera waya pachikale kumbuyo kwa kompyuta), monga US Robotics Courier kapena Sportster, imadzigwirira yokha ntchito yonse, imapirira bwino laini yaphokoso, ndipo timagetsi take timakuonetsani ngati uthenga ukuyenda kapena waima. Chenjerani ndi za USB, popeza zambiri ndi winmodem yomweyo yongoikidwa m'kabokosi. Komanso makompyuta atsopano ambiri alibe serial port.

Ndiye kodi mugule? Ine ndinganene kuti gulani ngati vuto lanu ndi kuduka pafupipafupi, osati kuchedwa kokha. Ndipo musanatulutse ndalama, yesani dalaivala yatsopano, muzimitsenso call waiting (yokudziwitsani kuti wina akuimba laini ili yotanganidwa), chifukwa kaphokoso ka foni yolowa kamadula modemu zambiri zakale. Nthawi zinanso modemu imalumikiza pa liwiro lalikulu limene laini singalikwanitse, n'kumangoima kuti iyambirenso kugwirizana ndi inzake ya ku kampani ya intaneti. Kuiikira malire otsikirapo, mwachitsanzo ndi lamulo la AT+MS pa modemu za kampani ya Conexant, kumachititsa kuti masamba atseguke msanga ngakhale nambala ikuoneka yaing'ono. Kaya ndi yamkati kapena yakunja, kukayamba ziphaliwali zulani waya wa foni. Mphezi ikadzera pa laini imapsereza modemu, ndipo ikakhala yamkati ikhoza kuwonongeratu ndi kompyuta yomwe.

Mapulogalamu ofulumizitsa ndi amene ndimawakayikira. Saonjezera liwiro la laini ngakhale pang'ono. Amadutsitsa tsamba pa seva yawo, n'kufinya mawu ndi kuchepetsa ubwino wa zithunzi lisanafike kwa inu. Kale zinkathandiza ndithu. Koma fayilo ya ZIP kapena MP3 ndi yofinyidwa kale, ndipo masamba ambiri masiku ano ndi a https, otumizidwa mobisika, amene pulogalamu yapakati singawatsegule kuti iwafinye. Kulipira mwezi ndi mwezi pa zimenezi n'kutaya ndalama.

Chimene chimathandiza kumbali ya mapulogalamu n'chaulere: kuletsa zinthu zimene zikudya laini mobisa. Windows Update, antivayirasi imene ikudzitsitsira zatsopano, ndi mapulogalamu aukazitape olowa mozemba, chilichonse mwa izi chikhoza kumaliza 5 KB pa sekondi imene muli nayo. Lumikizani, musatsegule kalikonse, ndiye yang'anani ngati manambala a zolandira akungokwera. Akamakwera, pali chimene chikukuberani. Zimitsaninso zithunzi mu bulawuza ndi kuika choletsa zotsatsa malonda, chifukwa tsamba wamba la lero limaposa 2 MB, zomwe pa dial-up ndi mphindi zisanu ndi imodzi kapena kuposa. Imelo muziitsitsa ndi pulogalamu monga Thunderbird, muziwerenga ndi kuyankha mutadula laini, kenako n'kulumikizanso kuti mutumize zonse pamodzi.